Kondakitala Anong'ona

"Musakuwe, bambo," anatero mayi woonetsa alendo. "Ingonong'onani basi. Holo ino anaimanga kuti izinyamula yokha mawu."

Kondakitala anaima pakati pa siteji, chipewa chili m'manja. Patsogolo pake mipando yofiira inakwera mizeremizere mpaka kudenga, ndipo makoma a matabwa anapindika mokongola ngati mimba ya gitala. Pamzere womalizira, kutali uko, panakhala mkazi wake, akuoneka wochepa ngati nyerere. Anadzipereka yekha kukakhala kumeneko kuti amve ngati n'zoona.

Zaka khumi ndi zisanu zoitanira anthu pakhomo la minibasi zinamusiyira mwamunayu mawu osasa, aukali. Ngakhale popempha mchere ankakhala ngati akukalipa. Dzulo lomweli mkaziyo ananena akutsuka mbale, "Inu simuyankhula nane ayi, mumandiitanira."

Kondakitalayo anayang'ana uku ndi uku kufuna maikolofoni. Panalibe. Alendo anzake ankamuyang'ana, kudikira.

"Mayi a ana," ananong'ona mwamanyazi, "diresilo lakukhalani."

Mawuwo anatuluka ofewa, nayenda pamwamba pa mipando yonse ija osatayika ngakhale pang'ono. Mwini wakeyo anadabwa kuti n'ngake.

Kumtunda kuja mkazi anagwira pakamwa. Kenaka yankho lake linatsika phee, ngati waima pakhutu pake penipeni.

"Ndamva, bambo a ana. Koma tabwerezaninso."