Nsomba Yopanda Mchira

Mlendoyo analowa osaodira. Anali mkulu wa ku Japan, wamfupi, atamanga jekete mpaka m'khosi ngakhale dzuwa la Okutobala linali litawotcha komboni yonse ya Kabwata. Anaika kabokosi patebulo. Manja ake ankanjenjemera.

Dunstan, mmisiri wojambula pakhungu, sanadabwe. Chilandirireni ufulu, anthu a ku Japan ankabwera mu Lusaka kudzagulitsa mawailesi ndi magalimoto. Uyu wangosochera ndi malonda ake, anatero mumtima.

Anapitiriza kunola singano za pandodo yake yansungwi. Ndodoyo inali ya malemu atate ake, Ba Chiti, amene anagwira ntchito m'sitima zapanyanja nakaphunzira ku Yokohama kujambula pakhungu la munthu ndi dzanja, kadontho kamodzikamodzi. Pachigwiriro panali zilembo ziwiri zowotcha, dzina la mphunzitsi wawo, Horikumo. Ba Chiti anajambula nsomba yaikulu pamsana pa mwana wawoyu, koma imfa inawapeza mchira usanathe. Hector wa ku Chelstone, amene analanda makasitomala onse ndi makina ake olira ngati mavu, ankadzitama kuti akhoza kuumaliza tsiku limodzi. Dunstan ankati bola akaikidwe m'manda ndi nsomba yopanda mchira.

Mkulu uja anatsegula kabokosi. Munali makina ojambulira pakhungu.

"Vula malaya," anatero m'Chingerezi chothyokathyoka. "Ndione nsomba."

Dunstan anapsa mtima. Chingerezi chinamuthawa, mawu anangotuluka m'Chinyanja.

"Ba Hector ndiye bakutumani? Mwabwela kuseka batate banga m'nyumba mwao? Imwe mwambo wanu mugulitsa monga mabatile a wailesi. Ise kuno tausunga. Horikumo akanaona chinthu ichi, sembe achithila mata."

Mlendoyo anakweza nkhope, koma asanatsegule pakamwa Dunstan anali atakwatula kale makinawo n'kuwamenyetsa pasimenti. Anawaponda ndi chidendene, kuwapondanso, mpaka mawaya anatuluka ngati matumbo a nkhuku.

Mkuluyo anagwada movutikira n'kuyamba kutola zidutswazo. Mkono wa jekete unakwera pang'ono, ndipo panaoneka mamba obiriwira ojambulidwa pakhungu, ofika pamfundo ya dzanja.

"Ndinawapanga ndekha," anatero osayang'ana m'mwamba. "Ena kulibe. Dzanja ili nsungwi silithanso kuigwira. Ndi makina okhawa amene linkalemba nawo mzere woongoka."

"Nanga mufuna chani pamsana panga?"

"Kwathu, chimene wophunzira wasiya panjira, amamaliza ndi amene anamuphunzitsa."

Anadzuka. Anaviika chala m'mbale ya inki n'kulemba patebulo, pafupi ndi ndodo yansungwi ija. Zilembozo zinatuluka zokhotakhota, zonjenjemera, koma zinali ziwiri zomwezo za pachigwiriro.

"Ine ndine Horikumo," anatero, natseka kabokosi kodzaza zidutswa. "Ndabwera kudzamaliza mchirawo."