Wigi ya Melissa

"Etta, mwana wathuyu alowadi m'khoti atavala chimenechi?"

Melissa anatembenuka. Wofunsayo anali mayi Margaret, amene ankalimbana ndi mayi Etta, omwe Melissa ankawaimira ngati loya, pa nkhani yogawana saluni yawo ya ku Peckham, mu London. Awiriwa anali atatha chaka osalankhulana. Kwa Melissa uwu unali mlandu woyamba, ndipo maloya otchuka amene ankamuphunzitsa ntchito anali atalonjeza kumupatsa malo a ntchito akaugwira bwino.

"Anti, wigi ya kukhoti imakhala chonchi," anatero Melissa. "Ndi ubweya wa hatchi."

"Hatchi!" Mayi Etta anafa nacho chiseko mpaka kutsamira phewa la mdani wawo. "Margaret, chipeso uli nacho?"

"Ndinayamba ndayendapo wopanda chipeso ine? Gwira uku iwe."

Anamukhazika pabenchi, wina akupesa, wina akubaya mapini, misozi ya chiseko ili chuchuchu.

Mlandu utaitanidwa, mayi Etta anangokupiza dzanja. "Kawauze a jaji kuti tasiya, mwanangu. Manja ngati a Margaret ndikawapeza kuti mu London muno?"

Melissa analowa yekha kukanena kuti mlandu watha usanayambe. Koma wigi yake inakhala bwino kuposa ya a jaji.