Malemu Akulembabe

Faustina ankasoka fodya m'chigafa dzuwa lili paliwombo pamene mlendo wovala tayi anatsamiritsa njinga pamtengo.

"Ndine Masauko, wogawa mankhwala watsopano kuchipatala cha pa Boma. Ndadzaona a Dokotala Chisale. Kusukulu tonse tinaphunzira zolemba zawo za mankhwala a malungo."

"Amuna anga anatisiya kale," anatero Faustina motsitsa mawu. "Apolisi anadzawatenga, patapita chaka n'kutibweretsera bokosi lokhomerakhomera. Anatiletsa kutsegula, anatiletsanso kulira."

Masauko anayamba kuseka poyesa nthabwala, koma ataona nkhope ya mayiyo analeka.

"Mayi, zingatheke bwanji? Kafukufuku wawo watsopano watuluka kudziko lakunja chaka chomwe chino. Akunena za khungwa la mtengo wina wa kudambo kuno ku Njombwa, ati anawauza ndi akazi awo."

Masamba a fodya anapulumuka m'manja mwa Faustina. Za khungwalo anawauza amuna ake ali awiriwiri, m'mawa wa tsiku lomwe anatengedwa.

Anatembenuka n'kuyang'ana msitu wa kumanda, kutsidya kwa munda. Kunali zii.

"Tsitsani mawu, achimwene," ananong'ona. "Nanga amene tinaika uja ndani?"