Mpata wa Pakati pa Malezala

"Finya pang'ono, iwe! Ukugona kodi?" anatero bambo Gilford ali gone pamatilesi.

Keziah, mwana wawo, anasendeza malezala awiri omwe anawamata pakatoni mpaka mpata wapakati unachepa ngati tsitsi. Zenera anali atalitchinga ndi chitenje, kunja dzuwa la ku Area 25 likuwotcha malata. Anayatsa katochi kofiira ka pamakiyi, kaja amagulitsa mavenda, n'kulozetsa pampatapo. Pakhoma panatuluka kamzere: pakati powala kwambiri, m'mbali timadontho tozilala tolekanitsidwa ndi mdima.

"Mpata ukachepa, chapakaticho chimatani?"

"Chimatambasuka, ababa."

"Chifukwa?"

"Kuwala kumayenda ngati mafunde. Kukapanikizika, kumamwazika."

"Ehee! Mwana wa mphunzitsi ameneyo!"

Mdala ameneyu, ayi ndithu. Anaphunzitsa sayansi mpaka imvi mbuu, ndiye matenda akanamuuza chiyani? Anali atangotuluka kumene m'chipatala, thupi litatha, atatsala mawu okha. Koma nyimbo yake inali imodzi: mayeso obwereza a fizikisi kukoleji ku Zomba. Funso la kuwala kodzera pampata umodzi ndi lomwe linamugwetsa Keziah ulendo woyamba. Mayeso obwereza akakuphonya, sukulu yathera pomwepo. Mwayi wachitatu kulibe.

"Ulendo uno ukawaonetsa," anatero bambowo akukhosomola. "Ine ndidikira zotsatira zako. Imfayo iyambe yakhala kaye pakhonde."

Mawuwo anamulasa mtima Keziah. Komabe anayankha mafunso onse osaphonya, misozi ili lengelenge, mpaka bambo ake anagona tulo akumwetulira.

Panja panamveka odi. Anali Zipora, mnzake wa m'kalasi, atasenza chikwama chachikulu, fumbi lili mbuu kumapazi. Anasuzumira m'nyumbamo, n'kuona malezala ndi mabuku ali mbwee pampasa.

"Mukuwerengabe?" ananong'ona Zipora akutula chikwamacho. "Katundu wako wa kuhositelo ndi uyu. Mnzanga, sunawauze?"

Keziah anatuluka n'kukoka chitseko pang'onopang'ono.

"Ndiwauze kuti chiyani? Kuti mayeso aja munalemba kale tsiku lomwe iwo anakomoka, ine ndikugona pansi pafupi ndi bedi lawo poti panalibe wina wowadikirira? Adokotala akuti mwezi uno saumaliza. Aleke apite akudziwa kuti mwana wawo akukalemba."