Mfuti ya Mbuzi Ziwiri

Geresomo anali asanagwirepo mfuti chibadwire, ndiye Lorenso atamuika kachitsuloko m'manja, iye anangoti kakasi, kenaka n'kuyamba kuseka. Kanali kakuda, kokalambirako, chogwirira chake chitang'aluka mbali imodzi. Kulemera kwake ngati mlamba wonona.

Awiriwa anali kuseri kwa nyumba ya Lorenso, kumtunda pang'ono kwa dooko, m'dera la Mbenje. Chinali chaka cha 1987, pamene nkhondo ya ku Mozambiki inkakankhira tsidya lino anthu, ng'ombe ndi mfuti zomwe. Lorenso anapeza yakeyo kwa msilikali wina wothawa, ndipo chiyambire tsikulo ankayenda ngati mudzi wonse ndi wake. Koma tsopano kunamveka mphekesera zoti achinyamata a chipani ayamba kufufuza m'nyumba, basi mkulu uja anafuna kuitaya msanga, bola apatepo kanthu.

"Iyitu si gogodela wa agogo anu, shamwali," anatero Lorenso. "Mukakoka kumtundaku kamodzi, mwamaliza. Imadzidyetsa yokha zipolopolo, inu n'kumangokhethemula."

Geresomo anagwedeza mutu ngati wamva. Iye anali msodzi, nzeru zake zinathera pa bwato ndi ukonde. Anaitembenuza mfutiyo uku ndi uku, anainunkhiza, anafuna kusuzumira kukamwa kwake mpaka Lorenso anachita kumumenya dzanja. Chiseko chinamugwiranso, mapewa ali gwedegwede.

"Si yanga ayi, baba," anatero atapezako mpweya. "Andituma mayi ena amene amapikula nsomba kwa ine. Miyezi itatu tsopano sakuona tulo. Chitseko chikangoti kwee, iwo mtima uli thi thi thi."

"Achiwembu a tsidyawa atisautsa," anatero Lorenso modziwa zinthu. "Mukawauze mayiwo kuti lero agona mpaka kuliza mkonono."

Geresomo anafunsa ngati kachitsuloko kamalira ndithu, popeza katundu wogwiritsidwa kale ntchito amanamiza. Funso limeneli linamupweteka Lorenso. Anamukoka mlendo wakeyo mpaka pamtondo umene unali pakhonde, n'kumulozera bowo laling'ono la chipolopolo cha kukamwa kwake. Chala chinkalowa bwinobwino.

"Lamulungu lapitali," anatero monyadira. "Ndinali nditalawako pang'ono kachasu wa masau." Kenaka anatembenukira kunyumba. "Otilia! Madzi akumwa a mlendo!"

Kunali zii. Lorenso anatsonya, n'kunena kuti mkazi wakeyo ayenera kuti wapita kudimba osatsanzika, khalidwe limene adzalikonza madzulo.

Malipiro anali atamangiriridwa pamtengo wa masau: mbuzi ziwiri zazikazi, ina yakuda bii, ina ya mawanga, yodulidwa khutu. Geresomo anazitamanda ngati nkhoswe yotamanda mbeta. Lorenso anazizungulira kawiri, manja kumbuyo, kenaka anazisisita msana ndi kuziyang'ana mano. Kunena zoona, mkuluyu mbuzi ankaidziwa ikakhala m'mbale. Zotsekula khola ndi kukamwetsa kumtsinje sizinkamukhudza.

"Zanga ziwiri ng'ona inatenga mwezi watha, anatero akunyumba," analongosola. "Koma zinali zoonda zija, osati izi. Izi ndiye mbuzi. Pyadidi, zabwino zedi!"

Atazimasula, mbuzizo sizinayang'ane kumanja kapena kumanzere. Zinadutsa pakati pa nkhokwe ndi bafa, zinawerama pamene panali mtengo wopingasa, n'kulowa m'khola ngati zachedwa.

"Mwaona?" anatero Lorenso akudziguguda pachifuwa. "Ngakhale chiweto chimadziwa pakhomo pa mwamuna weniweni."

Apa ndiye Geresomo zinamuvuta. Anadziluma mlomo, anatsokomola, anawerama ngati akuzula munga kuphazi. Misozi inali mbwembwembwe. Lorenso anaganiza kuti n'chisangalalo cha munthu wosauka amene wagwira mfuti koyamba, ndipo anamumvera chisoni mpaka kumuwonjezera zipolopolo zonse zimene anatsala nazo m'kachitini ka fodya.

"Takhuta, zikomo kwambiri, baba. Musasiyeko n'chimodzi chomwe," anatero Geresomo.

Anakulunga zonsezo m'masamba a nthochi, n'kuziika pansi pa dengu, pamwamba n'kuyalapo milamba yowamba. Sikuti analibe mantha. Akanapezeka naye katundu ameneyu, khadi la chipani limene linali m'thumba mwake silikanamuwombola, ana ake akanakula osamuona. Koma miyendo inakana kumva zimenezo. Anatsetsereka kamtunda ka kudooko akudumphadumpha, dengu pamutu, akuimba nyimbo ya kwaya mosokoneza mawu.

Bwato lake analibisa m'bango. M'menemo munakhala mayi uja wa nsomba, atadzifunditsa chitenje kumutu. Geresomo analowa m'bwatomo. Anapalasa mpaka pakati pa Shire, pamene madzi amazungulira ndipo ngakhale nsungwi yaitali sifika pansi, n'kumupatsa phukusi lija.

Mayiyo anamasula masambawo, n'kuinyamula mfutiyo ndi zala ziwiri ngati khoswe wakufa. Anaiyang'ana kanthawi. Kenaka chubwi! Kachitini kaja kanatsatira.

"Mbuzi zanga zodyedwa ndi ng'ona zija zafika?" anafunsa Otilia akuchotsa chitenje kumutu.

"Zalowa zokha m'khola, mayi."

Otilia anaseka mpaka bwato kupendama, kenaka kusekako kunasanduka kulira. Lamulungu lija, amene ankasinja pamtondo paja anali iyeyo.