Madigadi a Kumanzere

Kamaginito kanagwanso pansi. Mzime anakatola n'kukaikanso pa madigadi a kumanzere, pamwamba pa tayala la galimoto, koma kanangotsetsereka. Sanadabwe. Pamenepo panalibe chitsulo choti kagwire, panali fila yekhayekha amene anthu amamata pobisa pamene galimoto yabonyoka.

Galimotoyo inali ya malemu bambo ake, yamakedzana, ya nyali zozungulira ndi bampala wonyezimira. Mzime anali mphunzitsi wa masamu, wa imvi kale, koma kwawo dzina lauchitsirizali linamukanirira. Kwa zaka ziwiri ankathera Loweruka lililonse m'galaja kuikonza, mpaka mkazi wake anayamba kuitcha mkazi mnzake. Injini inali italira, mipando itasokedwa, dzimbiri la m'munsi mwa zitseko litadulidwa. Madigadi okhawa ndiwo ankangowalambalala, ndipo chifukwa chake ankachidziwa yekha.

Zinachitika ali ndi zaka khumi ndi zisanu ndi chimodzi. Masana ena, bambo ali kuntchito, anatenga makiyi pamsomali kuti angoyesa kuitulutsa ndi kuibweza. Mwendo unamuthawa pa kilatchi, galimoto n'kudumphira pachipata. Phokoso lake akulimvabe mpaka lero. Atatsika anapeza madigadi atakwinyika ngati chitini chopondedwa, nyali itasweka. Anaibwezera m'galaja, makiyi pamsomali, iye pamabuku ngati mwana wabwino.

Bambo pobwera sanafunse zambiri. Panyumbapo mwana wodziwa chiwongolero anali mmodzi, achimwene ake a Mzime. Achimwenewo anakana mpaka misozi, koma lamba sanamve. Patatha sabata ananyamula kachikwama n'kuchoka, sukulu n'kuthera pomwepo. Mzime anaima pazenera, pakamwa atatseka ngati posokedwa. Iye anaphunzira n'kumavala tayi, achimwene akusenza njerwa. Ngakhale pamaliro a bambo, achimwenewo anaima kumbuyo ngati mlendo.

Tsopano anali atawaitana kuti abwere Loweruka lotsatira. Anafuna awapatse makiyi a galimotoyo pamodzi ndi zoona zake. Ankaopa kwambiri. Makiyi akanatha kuwalandira, koma nanga dzanja lake?

Anavala kansalu kumphuno n'kuyamba kupala. Wokonza amene bambo anamupeza nthawi imeneyo anali waulesi, sanawongole chilichonse, anangomata ndi kupaka penti, basi. Fumbi loyera linadzaza m'galaja. Fila ankagamphuka zidutswazidutswa, ndipo pansi pake bala linaonekera monga linalili tsiku lija, lakuya kuposa mmene ankalikumbukira. Anapisa mkono kuseri kwa tayala, natsamiritsa chitsulo chogogodera, n'kuyamba kumenya ndi kahamala pang'onopang'ono, kuchokera m'mphepete kupita pakati. Chitsulo sichifuna phuma, ukachikakamiza chimatamuka. Kugogoda kulikonse kunkamulasa mumtima. Mlandu suola, ndipo iye anali atausunga zaka makumi atatu ndi zinayi.

"Iwe, ufuna utigonthetse m'khutu?"

Anali amayi ake, atatsamira ndodo pakhomo la galaja. Chimwalirire bambo, amayiwo ankakhala kwa iye, koma m'galajamo sankalowamo, ati fungo la penti limawapweteketsa mutu. Mzime anawapukutira kampando. Sanakhale. Anafika pafupi n'kuyang'ana chitsulo chosendekacho nthawi yaitali.

Mzime anaona kuti ngati alephera kuuza mayi ake, achimwene ndiye sadzawatha. Anavula kansalu kumphuno.

"Amayi, pali nkhani imene ndakhala nayo. Achimwene sanagunditse galimotoyi. Ndine. Ndinaba makiyi, ndinaomba chipata, ndipo ndinangoonerera bambo akuwamenya. Ndinawaonongera moyo ine, amayi. Loweruka ndiwauza."

Mawu atatha anamva manyazi kuposa kale. Anadikira kuti amukalipire, kapena amutembenukire msana. Amayi anangotambasula dzanja lawo lamakwinya n'kumasisita pobonyokapo.

"Unaomba chipata, eti?" anafunsa motsitsa mawu. "Ndiye usanakwere unaizungulira galimotoyo?"

"Ayi. Mbali iyi inali kukhoma."

"Ndinaiimika choncho dala," anatero amayi. "Bambo ako ankandiletsa kugwira chiwongolero, ndiye ndinkaphunzira mobisa akachoka. M'mawa wa tsiku limenelo ndinaomba mtengo wa magetsi, mwanawe. Iwe pachipata unangokanda penti. Loweruka likafika, undilole ndiyambe ndine kulankhula."