Zigubu Zopalidwa Mapepala

Panali munthu wina, mayi wa shopu yogulitsa mankhwala a kumunda, opha mbozi ndi opha udzu. Anthu ankangomuti a Manejala. Nkhaniyi ndi yoona. Inachokera kwa mlamu wake weniweni, amene anamulerera ana awiri iye ali kalikiliki ndi bizinesi, ndipo zikomo wake mpaka lero sanamve.

Tsiku lina kushopuko kunabwera a zachilengedwe. Anaika khola la waya kuseri, nati alimi azibweza zigubu mankhwala akatha, iye azizibowola pansi n'kuziponya m'kholamo, galimoto izidzatenga mwezi ukatha. A Manejala anavomera ndi ulemu wonse, mpaka kuwaperekeza. Galimoto itangokhota, anaseka.

"Chigubu chatsopano chonchi ndichibowole? Anthu a m'maofesi sadziwa kuwawa kwa lendi."

Ndiye anapeza njira yakeyake. Zophwanyika ankaponya m'khola kuti galimoto isamabwerere chabe. Zabwinozo ankatsuka ndi sopo, madzi ake n'kukhuthulira m'ngalande. Kenako ankatenga mpeni n'kupala pepala lonse, lija lokhala ndi dzina la mankhwala ndi chithunzi cha chigaza. Akatero ankakazipereka kwa bambo wina wogulitsa zidebe m'mbali mwa msewu.

Mlamu uja anamupeza tsiku lina mpeni uli m'manja.

"Alamu, zigubuzi anthu akusungiramo madzi akumwa."

"Ndatsuka katatu. Nunkhizani."

"Mphuno yanga si dokotala. Ngati zili bwino, bwanji kwanu kulibe n'chimodzi chomwe?"

"Kwathu kuli ndowa. Kodi mwabwera kudzacheza, kapena aboma akulembani ntchito?"

Mlamuyo ananyamula chikwama chake n'kumapita.

Panadutsa miyezi isanu. Tsiku lina masana, a Manejala akumangira kasitomala katundu, foni inalira. Anali mwana wake wamkazi, woyamba kubadwa.

"Amayi, thamangani kuchipatala! Mwana akutuluka thovu, sakundiyankha!"

Shopu inatsala yosatseka. Kuchipatala anapeza mdzukulu wake, kamtsikana ka zaka zitatu, kali gone pabedi, dovu lili chuchuchu, timanja tikunjenjemera tokha. Pakhomo la wodi panaima mkamwini wake atanyamula chigubu choyera, poti anesi anati abweretse chilichonse chimene mwana wamwera.

"Madzi anasiya kutuluka pampopi dzana," anatero mkamwiniyo. "Ndinagula ichi pamsewu kuti tisungiremo. Akuluakulufe mutu wokha, koma mwana ndiye wakhala akumwa tsiku lonse."

A Manejala anayang'ana m'mbali mwa chigubucho. Munali mizere ya mpeni, yopita uku ndi uku. Anaizindikira.

Dokotala anatuluka mwaliwiro.

"Muno munali chiyani? Mwanayu wamwa poizoni. Mankhwala opha mbozi ndi opha udzu sitichiza mofanana. Ndikufuna dzina, msanga!"

"Panalibe pepala, adokotala," anatero mkamwini. "Amene anapala pamenepa ndi mfiti yeniyeni. Ndikanamudziwa..."

"Ndinapala ndine."

Onse anatembenuka. A Manejala anali atagwada pasimenti.

"Amayi, mwati chiyani?" anafunsa mwana wake.

"Zimenezo mukambirana kunyumba," anatero dokotala. "Mayi, ngati munapala ndinu, tiuzeni. Munali chiyani?"

A Manejala anachilandira chigubucho. Anachitembenuza. Anayang'ana pansi pake, anayang'ana chotsekera. M'shopu mwake munali mankhwala a mitundu itatu obwera m'zigubu zofanana ndendende, ndipo chosiyanitsa chinali pepala lokhalo. Anatsegula n'kununkhiza. Anamva sopo wake yemwe.

"Sindikudziwa, adokotala."

"Kumbukirani, mayi. Nthawi ikutha."

"Ndinkazisakaniza potsuka. Sindikudziwa!"

Dokotala analowa m'wodi n'kutseka chitseko, nayamba kuchiza mongotsata zimene ankaona pathupi la mwanayo. Enawo anatsala panja kudikira. Chitseko chikangoti kwee, onse ankadzambatuka, poganiza kuti uthenga wa imfa wafika. Nesi akadutsa osawayang'ana, mayi wa mwana ankagwira khoma.

Anakhala choncho masiku atatu. Tsiku lachitatulo mwana anatsegula maso n'kuitana amake. Mulungu yekha. Koma dokotala anachenjeza kuti azibwera naye pafupipafupi, chifukwa sakudziwa chimene chawonongeka m'kati.

Mwana wa a Manejala sanatukwane, sanakuwe. Anangowaitanira pambali amake.

"Amayi, zigubuzo zinali zingati?"

"Mwina makumi asanu. Mwina kuposa."

"Ndiye zinazo zili m'nyumba za ndani?"

A Manejala anathamanga wapansi mpaka pamsewu paja. Anapeza zitatsala ziwiri zokha. Anamugwira malaya bambo wa zidebe uja.

"Zina zija munagulitsa kwa ndani? Ndiuzeni nyumba zake, ndikazitenge!"

"Aaa, amayi, ine ndimagulitsa kwa odutsa. Sindifunsa kumene amakhala. Zambiri anatenga ndi azimayi a ana kumbuyo, amati n'zopepuka potungira."

Phunziro: Inu a mabizinesi, akakuuzani kuti ichi bowolani, ichi musathire m'ngalande, musamati ndi zovuta za anthu a m'maofesi. Chimene mwatulutsira kuseri kwa shopu simudziwa khomo limene chikalowe, ndipo chikhoza kulowa la mwana wanu. Nanunso amayi, dzukani pompano mukayang'ane chigubu chimene ana anu akumwera. Ngati m'mbali mwake muli mopalidwa, chibowoleni lero lomwe, musapatse munthu. Tumizani nkhaniyi kwa abale anu onse, ngakhale amene simulankhulana nawo, chifukwa nawonso ali ndi ana.